Changa ndi Chinkhokwe Chopanda Denga

Padangokhala, kale lija nyama zinkakwatirana osayang'ana ubweya kapena kutalika kwa mchira, m'mudzi wina munali akamwini awiri, Changa ndi Gologolo. Onse anakwatira pakhomo limodzi, kwa mayi Mbira. Gologolo anatenga mwana wamkulu, Changa anatenga wamng'ono, dzina lake Nachanza. Masiku amenewo Changa ankayenda dzuwa likuswa mtengo monga wina aliyense, ndipo maso ake anali aang'ono bwinobwino.

Mwambo mukuudziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sayankhulana, satchulana maina. Akakumana panjira mkamwini amapatukira kutchire, ndipo mawu onse amadzera mwa mkazi. Tsono Changa, pofuna kudziwa mmene apongozi ankamuonera, ankatchera khutu kuseri kwa mpanda. Zimene ankamva zinkamuwotcha mtima. Mayi Mbira akamanena za Gologolo ankati "mkamwini wanga wamkulu uja," mawu ake ali ndi mafuta. Akamanena za Changa ankangoti "winayo." Ndipo pachikamwini, ukakhala winayo, mphasa yako sichedwa kupindidwa.

Chimene chinamukweza Gologolo ndi ichi. Chaka china kunagwa njala yoti nyama zinadya mizu ndi mango osakhwima. Njala itapita, Gologolo anaima pabwalo n'kunena kuti mudzi umange chinkhokwe chimodzi chachikulu, aliyense akakolola azithiramo dengu, ndipo chisamatsegulidwe mpaka nkhokwe za m'makomo zitauma. Nyama zinavomera. Zinasankha akuluakulu atatu oyang'anira. Mayi Nungu ndiwo ankagawa, ndi nsengwa yawo imodzi, kuyambira mbewu yodzala kenako chakudya. Ngaka ankayendera nsichi ndi kunyambita chiswe chisanafike pamtima pa mtengo. Nang'omba, mkulu wa bwalo, wa mawu aakulu uja, ndiye ankalengeza tsiku lotsegula. Makwerero sankatsamira pachinkhokwe pokhapokha atatuwa ali pamodzi.

Chaka ndi chaka, kukolola kukatha, kunkakhala tsiku lokweza denga. Ankatsitsa denga pansi n'kulifolera ndi udzu watsopano, kumata makoma, kuthira chimanga mpaka kukamwa. Kenako mudzi wonse unkazungulira dengalo, manja atagwira. Nang'omba ankafunsa katatu kuti, "Chinkhokwe ichi n'chayani?" Ndipo aliyense ankafuula kuti, "Changa!" Pa kufuula kwachitatu denga linkanyamuka.

Chaka choyamba Njiri anafunsapo. "Bwanji osanena kuti chathu? Si cha tonse kodi?"

"Chathu chimagona panja," anatero Gologolo, "aliyense akuti mnzanga alowetsa. Koma chimene wati changa, mvula ikagunda umadzuka wekha."

Nzeru imeneyi inawakomera amayi a m'mudzimo, n'kupeka nyimbo ya pamtondo. Wotsogolera ankatchula mavuto a chaka cha njala mmodzimmodzi, mizu ija, mango aja, ana olira aja, ndipo ovomera ankangobweza dzina la Gologolo, kulikoka motalika mpaka misi yonse igwere pamenepo nthawi imodzi. Choipa kwambiri, amene ankatsogolera nyimboyo anali Nachanza, poti ndiye anali ndi mawu okoma m'mudzi monsemo.

"Akazi anga," anatero Changa tsiku lina, "kodi nyimbo zinatha m'dziko muno?"

"Bwanji, amuna anga?"

"Kukacha Gologolo, kukada Gologolo. Luzi lomangira chinkhokwecho anasenda ndani?"

"Munasenda ndinu, kamodzi kokha, n'kukagona kuti mutu ukuwawa."

"Koma linamangidwa pamenepo."

"Linaduka, amuna anga. Tinachita kulumikiza."

Changa anapotoloka n'kuchokapo. Nsanje inali itamugwira. Anaganiza kuti ngati iye sangakwere, bola mnzakeyo atsike.

Anayamba ndi Njati. Anamupeza akubzikula, n'kukhala pansi mwaulemu, nkhope ili yachisoni.

"Akuluakulu, ine ndikaona mayi Nungu akukupatsani nsengwa yofanana ndi ya Mbewa, misozi imalengeza. Thupi lonseli, kansengwa kamodzi?"

"Ndiye chifukwa chake sindikhuta eti?" anatero Njati.

"Ine sindinanene kanthu. Mkamwini sayankhula za eni mudzi."

Atachoka apo anapita kwa Mbewa. "Mnzanga, dengu limene umathira iwe ndi theka la kamunda kako. La Njati ndi kangodya chabe ka munda wake. Amene anapanga lamulo limeneli amakukonda?"

"Ndiye kuti tikudyeredwa masuku pamutu!" anatero Mbewa, ndevu zikunjenjemera.

"Ine sindinanene kanthu."

Sipanatenge nthawi, mudzi unagawanika. Nyama zazikulu zinkati ziphwasule chinkhokwe, aliyense atenge zake. Zazing'ono zinkati sizidzathiramonso. Changa anakhala kumbuyo kwa bwalo akudikira kuona Gologolo akuchita manyazi. Koma Gologolo anaimirira n'kunena kuti Njati akunena zoona, Mbewanso akunena zoona, wolakwa ndi iye amene sanaganize bwino poyamba. Anapempha bwalo likonze lamulo. Anakambirana mpaka anagwirizana kuti wothira azithira malinga ndi kukula kwa munda, wolandira azilandira malinga ndi pakamwa pamene ali napo pakhomo ndi mimba zake. Mayi Nungu analuka nsengwa yaikulu ndi yaing'ono, nkhani n'kutha.

Kunena zoona, Changa anaona pamene panalidi polakwika. Akanakanena yekha pabwalo, bwenzi amayi atamuponyera kamzere kamodzi m'nyimbo. Koma munthu wa kaduka nzeru zake amazidyera kuseri. Nyimbo ya pamtondo inangotalikirapo. Tsopano inkasimbanso za tsiku limene Njati ndi Mbewa anagwirana chanza, ndipo misi inkagwerabe pa dzina lomwe lija.

Madzulo ake Changa anamva kuseri kwa mpanda apongozi akufunsa Nachanza.

"Mkamwini wanga wamkulu uja akayankhula, ngakhale Njati amakhala pansi. Nanga winayo anali kuti?"

"Analipo, amayi."

"Sindinamve mawu ake."

Apo Changa anaona kuti kugwetsa mnzake kwakanika, ndiye bola amange chakechake, chachitali kuposa chinkhokwe. Anauza Nachanza afulule mowa wa mapira, mitsuko yambiri. Analengeza kuti aliyense wobwera ndi mtengo amwa. Nyama zinabwera ndithu, poti kumene kuli mowa miyendo siitopa. Zinamanga nsanja yaitali yoti ukayang'ana pamwamba khosi limawawa. Tsiku lotsegulira kunali ng'oma ndi nthungululu. Changa anamanga luzi pamakwerero, Nang'omba n'kulidula ndi mlomo wake, onse kuwomba m'manja.

Njiri, amene sankasunga funso m'mimba, anayandikira.

"AChanga, yakongola. Koma ntchito yake n'chiyani?"

"Kukwera."

"Tikakwera?"

"Muona kutali."

"Tikaona kutali?"

"Mutsika, aNjiri. Mafunso enawa ndi a nsanje."

"Nanga chiswe chikalowa, woyang'anira ndani?"

"Imwani mowa, ukuzizira."

Mowa utatha, panalibenso amene anabwerera kunsanja. Nsanja yopanda ntchito inalibe woikonda, ndipo panalibe amene anauzidwa kuti aziisamala. Amayi opita ku nkhuni anaona kuti kutchire n'kutali. Uyu kusolola mtengo umodzi, uyo kusolola wina. Tsiku lina Changa anazindikira mtengo wa makwerero ake ukuyaka pamoto wa Nachanza yemwe. Mphepo itawomba, chotsalacho chinagona pansi mwakachetechete.

Changa anadikira nyimbo. Ankati mwina amunyoza pamtondo, ndipo mumtima ankalakalaka ngakhale chitonzocho, bola dzina lake ligwerepo misi. Koma amayi sanaimbe kanthu za nsanja. Anangopitiriza ya Gologolo ija ngati kuti m'mudzimo simunamangidwepo china.

"Amuna anga, khalani pansi ndikuuzeni," anatero Nachanza. "Mapira a mowa uja anali a amayi. Akuti mkamwini asamakule mwendo. Amalume ayamba kufunsa ngati njira ya kwanu mukuikumbukira."

"Njira ya Gologolo afunsanso?"

"Musiyeni Gologolo. Limani, khalani phee. Ine ndimakufunani, koma musandivutitse kukuikirani kumbuyo tsiku ndi tsiku."

Mawu amenewa akanamufewetsa wina. Changa anangomvapo chimodzi, kuti akapanda kuchita chachikulu msanga, apita kwawo ali winayo.

Tsiku lina akuyenda mutu uli pansi, anamva kumbuyo kwake, "Changa! Changa!" Anatembenuka msanga n'kuvomera kuti, "Wawa!" Koma panalibe womuitana. Anali Mbewa ndi mkazi wake akulimbirana chitsononkho cha chimanga, aliyense akuti n'chake. Changa anachita manyazi, n'kuyenda pang'ono. Kenako anaima. Anabwereza liwulo pakamwa pake kangapo. Inde, wotchera khutu bwino amamva kuti dzina lake ndi liwu lija sizimveka chimodzimodzi kwenikweni. Koma khamu likamafuula, ndani angasiyanitse? Anaseka yekha mpaka kukhala pansi.

Kukolola kutatha anapita kwa Nang'omba atanyamula ziwala zokazinga.

"Akuluakulu, ndabwera kudzangoyamika. Mawu anu aja akamveka tsiku lokweza denga, ngakhale a midzi ina amaima n'kumvetsera."

"Amatero?" anafunsa Nang'omba, akutukumula khosi lake lofiira.

"Amatero. Kungoti amadandaula pang'ono."

"Chiyani?"

"Funsolo. Akuti mawu a mkulu, funso la ana. 'N'chayani, n'chayani,' ngati mwatola mpeni panjira. Mkulu wa bwalo amafunsa molemera. Amati, 'Mwini wake wa chinkhokwe ichi ndani?' Tayesani mumve mmene zikukhalira pakhosi panu."

Nang'omba anayesa. Mawuwo anagunda bwino ndithu. Anayesanso.

"Funso la chaka chino ndi limeneli," anatero. "Ndinkaliganizira kale."

"Ndinadziwa. Ndiponso lamulo lanu lija ndimalikonda, lakuti mawu onenedwa katatu pabwalo sabwezedwa."

"Limenelo ndi la makolo. Ine ndili moyo silidzathyoka."

Tsiku lokweza denga linafika. Changa anagwira ntchito tsiku limenelo kuposa masiku onse a ukamwini wake. Anaponda matope, anasenza madengu a ena, anakankhira chimanga m'makona kuti chilowe chambiri. Nachanza anasangalala, mpaka anakanong'oneza amayi ake kuti aone. Chinkhokwe chitadzaza mpaka kukamwa, mudzi wonse unazungulira denga, manja atagwira, misana itawerama.

Nang'omba anakweza khosi. "Mwini wake wa chinkhokwe ichi ndani?"

"Changa!"

Ndikuuzeni, panalibe ngakhale mmodzi amene anamvetsera funso. Pakamwa panazolowera, makutu anali ku thobwa wodikira pamthunzi. Gologolo yekha anakweza mutu, koma mawu ake anamira m'phokoso.

"Mwini wake ndani?"

"Changa!"

"Ndati mwini wake ndani?"

"Changaaa!"

Denga lisananyamuke, Changa anadumpha n'kutera pamwamba pa chimanga.

"Zikomo, eni mudzi! Zikomo kwambiri! Sindinayembekezere ulemu woterewu. ANang'omba, mwamva nokha. Mwafunsa mwini wake katatu, anditchula katatu."

Nyama zinayang'anana. Kenako phokoso linabuka.

"Ife timati changa, changa cha aliyense!" anakuwa mayi Nungu, minga itaima.

"Funso linali lakuti ndani, amayi," anatero Changa. "Ndani amayankhidwa ndi dzina. Kapena m'mudzi muno muli Changa wina?"

"Nkhani ya chinkhokwe timagamula atatu," anatero Ngaka. "Ine sindikuvomera."

Onse anayang'ana Nang'omba. Mkuluyo anadziwa kuti wapusitsidwa ndi ziwala zokazinga, ndipo khosi lake linafiira kuposa kale. Akanangonena kuti ndalakwitsa funso, tiyeni tibwereze, nkhani ikanathera pomwepo. Koma akulu ena amalola mudzi ugone ndi njala kusiyana ndi kuti iwo aoneke opusa.

"Atatu ndi a makwerero," anatero. "Mawu a pabwalo ndi anga. Zanenedwa katatu. Angabweze ndi mwini wake yekha."

Changa anaponya maso kumene kunakhala apongozi, atafulatira monga mwa mwambo. Anaona msana wokha, koma mumtima anati lero adziwa kuti mkamwini ndani. Kenako anawomba m'manja.

"Chabwino, tiyeni tsopano. Gwirani bwino, tikweze."

Njati anachotsa manja padenga n'kuwapukuta. "Walira mvula walira matope, aChanga. Denga lanu ndi ilo."

Mmodzimmodzi anawongola misana n'kumapita. Thobwa anakamwera kwawo. Changa anatsala pamwamba pa chimanga cha mudzi wonse, denga lili pansi. Anatsika n'kuliyesa mbali iyi, silinasunthe. Analiyesa mbali inayo, linangomulasa ndi udzu m'maso. Apo ndi pamene anakumbukira kuti mutu umodzi susenza denga, koma anadzitonthoza kuti mvula idakali kutali.

Oyamba kubwera anali njiwa ndi mpheta. Changa ankazithamangitsa uku, zina zikutera uko. Kenako makoswe anamva fungo. Changa sanathenso kuchoka pachinkhokwe, ngakhale kukamwa madzi. Ankangotong'ola maso kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana pansi, kuyang'ana kumbuyo, osaphethira, mpaka maso aja anakula n'kudzaza nkhope. Sanabwererenso mpaka lero.

Atamva nsichi zikulira kuti tetete mkati, anaitana Ngaka amene ankadutsa.

"ANgaka, chiswe chanu chija chanona kuno. Bwerani mudye, sindikuletsani."

"Kale ndinkadya pa changa," anatero Ngaka. "Pa cha mwini lilime langa limafupika."

Changa anaitananso mayi Nungu kuti amuthandize kuona ngati anankafumbwe alowa.

"Nsengwa ndinapachika, bambo. Mwini chinthu amadziwa yekha za m'kati mwake."

Nachanza ankamubweretsera chakudya pachinkhokwe pomwepo. Tsiku lina anakhala pansi osachoka.

"Amuna anga, mbewu ya amayi ili m'menemo. Ya ife ili m'menemo. Ya mudzi wonse ili m'menemo. Pitani pabwalo mukangonena kuti munkaseka. Anthu akwiya, koma aiwala."

"Ndikabweza, nyimbo ikhala ya yani?"

"Nyimbo imadyedwa?"

"Apongozi akuti chiyani za ine tsopano?"

Nachanza anayang'ana pansi. "Sakunena kanthu."

"Ngakhale winayo?"

"Ngakhale winayo."

Changa anaganiza kuti ndi mantha aulemu, oti apongozi asowa mawu poona mkamwini wa chinkhokwe chathunthu. Nsanje imagonthetsa makutu, ndipo iye anamva zimene ankafuna kumva.

Kunja kunayamba kutentha kwa mvula, mitambo ikusonkhana masana. Gologolo anayenda khomo ndi khomo kupempha anzake kuti aiwale mkwiyo, poti chimanga chikaola sichidzafunsa kuti wolakwa ndani. Ambiri anakana, koma ena anamvera, ngakhale Njati amene. Anafika pachinkhokwe amuna ndi akazi.

"Achimwene," anatero Gologolo, "sitinabwere kudzalanda. Chikhale chanu monga bwalo linanenera. Tingokweza denga lokha, chizimalupsa chayandikira."

Changa anayang'ana mitambo, anayang'ana chimanga. Anali atatopa, nthiti zikuwerengeka. Mtima wake unatsala pang'ono kugwa pansi ndi kuthokoza.

"Kwezani," anatero. "Koma aliyense adziwe kuti mukukweza denga la Changa."

"Tamva, achimwene."

Anagwira denga. Koma anali ochepa, ndipo udzu unali utalemera ndi fumbi ndi zisa za makoswe. Funso la Nang'omba panalibe wofuna kulimvanso. Njati anati chinthu cholemera chotere sichinyamuka popanda nyimbo yoti manja akokere pamodzi. Amayi anayang'anana, poti nyimbo ya chinkhokwe inali imodzi yokha.

"Muike dzina langa," anatero Changa. "Pamene pali lakelo, muike langa."

Nachanza anavomera msanga. Anayamba ndi mawu ake okoma aja, kutchula mizu, kutchula mango osakhwima, ndipo pofika povomera anatchula yekha dzina la mwamuna wake mokweza kuti anzake atsatire. Ulendo woyamba anatsatira, mokayikakayika. Changa anamva dzina lake m'nyimbo kwa nthawi yoyamba, ubweya wonse unaima ndi kukoma. Denga linanyamuka kufika m'mawondo. Nachanza anapitiriza, denga linafika m'chiuno, kenako m'mapewa. Apo kulemera kunakula, mitsempha inatuluka, ndipo panalibenso woganiza za mawu. Pakamwa pamene panazolowera n'kumupatsa chinkhokwe, pomwepo panazoloweranso nyimbo. Povomera onse anakoka motalika dzina la Gologolo, ndipo denga linakwera bwino kwambiri pa dzina limenelo mpaka kukhudza milomo ya chinkhokwe.

"Tsitsani!" anakuwa Changa. "Tsitsani, ndati!"

"Achimwene, latsala pang'ono!"

"Mwabwera kudzandiimbira mwano pakhomo panga? Mukufuna mawa apongozi amve kuti denga linakwera ndi dzina lanu? Chokani pa chinkhokwe changa! ANang'omba ananena, mwini wake ndine!"

Analumphira padenga n'kuyamba kuluma zala za ogwira. Njati anasiya, ena n'kusiya, denga linagwa pansi n'kuthyoka msana. Gologolo anayang'ana mnzakeyo nthawi yaitali, osakwiya, ndipo kusakwiyako kunamuwawa Changa kuposa kutukwanidwa. Nachanza anafunda nsalu kumutu n'kumapita osatembenuka.

Chizimalupsa chinagwa masana dzuwa lili pamutu. Changa anayala thupi lake pachimanga, koma kathupi ka Changa kangaphimbe zitsononkho zingati? Ndipo mvula ikakuona litsiro sikata. Inagwa, inapuma, inagwanso. Chimanga cha pamwamba chinamera ngati chimera cha mowa, cha pansi chinachita nkhungu n'kuyamba kununkha. Makoma ananyowa n'kulemera. Nsichi zimene chiswe chinadya mkati zinagwada, ndipo chinkhokwe chonse chinakhala pansi n'kuphulika mimba.

Mudzi unabwera kudzaona. Panalibe wotukwana. Mayi Nungu anafukula ndi manja kufuna mbewu yoti n'kudzala, anapeza zowola zokhazokha. Mbewa ndi mkazi wake anatola timaso towerengeka. Nang'omba anaima patali akunena kuti iye anangotsata lamulo, koma onse anamufulatira. Mvula yodzalira inali pakhomo, ndipo nkhokwe za m'makomo zinali zitayamba kale kuonetsa pansi. Aliyense anabwerera kwawo akuganiza za mizu ndi mango osakhwima.

Mmawa mwake Changa anali atakhala pa mulu wowolawo, akuganiza mawu oti Nachanza akawauze apongozi. Ankati anene kuti wolakwa ndi Gologolo, amene anabweretsa nyimbo. Atakweza maso anaona mayi Mbira akubwera m'njira, Nachanza ali pambuyo. Anadzuka msanga kuti apatukire kutchire monga mwa mwambo.

"Ima pomwepo."

Changa anauma. Chikwatirireni anali asanamvepo mawu amenewo akulunjika kwa iye. Mayi Mbira sanafulatire, sanaphimbe nkhope. Anafika pafupi n'kumuyang'ana m'maso ake aakuluwo, naye Changa kwa nthawi yoyamba anaona nkhope yawo, yaing'ono, yotopa. M'khwapa anali atapanira mphasa yopindidwa, yomangidwa ndi luzi.

"Changa," anatero. "Ndiwe Changa eti? Wadzuka bwanji?"

Dzina lake linatuluka bwinobwino pakamwa pa apongozi, lopanda ulemu, lopanda mkwiyo, monga mmene amatchulira mlendo wodutsa. Changa anayang'ana Nachanza kuti mwina mawu adzere mwa iye monga kale. Nachanza anali akulira mwakachetechete, maso ali kumbali.

"Apongozi..." anayamba Changa.

"Apongozi ako ndani? Ukuona ndikukuthawa?" Anaika mphasa pansi, pamapazi pake. "Ndimati ndikuone nkhope, kuti ukamadzadutsa m'mudzi muno ndizidzakupatsa moni."

Anatembenuka n'kumapita, mwana wawo pambuyo. Changa sanaitole mphasayo. Anakwera mumtengo umene unali pafupi, n'kubisa nkhope m'mphako kuti asaonane ndi aliyense dzuwa likuwala. Mukadzamva usiku kulira m'mitengo ngati kwa khanda losiyidwa, musadzavutike kukafuna mayi wake, ndi Changa ameneyo.

Yanga yathera pamenepa, wotola aisunge pouma.